Zaka Zinayi Ndikubaya Khutu la Mphaka

Ganizo lopita ku Halale linandifikira pa Chichiri, sutikesi ili pamutu, tsiku limene ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana. Ena amati anandichotsa. Si zoona. Iwo ankafuna kuti ndizilemba mayeso, ine ndinkafuna kuti ndisamalembe, ndipo monga anthu akuluakulu tinaona kuti banja lotere silingapitirire. Panali njira ziwiri: kubwerera ku Chinyonga kukawauza achemwali anga a Rozina, amene anandiphunzitsa ndi ndalama za milamba youma ya ku Nsanje, kapena kudutsa ku Tete nkhondo ili mkati. Ndinasankha kosaopsa. Ndinapita ku Tete.

Ku Halale ndinayenda miyezi iwiri ndi theka la dipuloma langa. Palibe ankafuna theka. Kenaka Mmalawi wina wophika kumayadi anandiuza za dona wokalamba, nesi wopuma pantchito, amene ankafuna munthu wodziwa kuwerenga manambala ndi kusunga nthawi. Ndinabwereka tayi. Dona anandilowetsa m'chipinda cha wodwala. Wodwalayo anali khale pa khushoni, wakuda bii, akundiyang'ana ngati ndachedwa. Dzina lake Joji. Anali mphaka, ndipo anali ndi matenda a shuga.

Kalata yanga yoyamba inalibe bodza. Ndinalemba kuti: "Achemwali, ndapeza ntchito ya zachipatala. Ndikusamalira wodwala mmodzi, a Joji. Salankhula zambiri." Ndinaikamo kangachepe. Pamene yankho limafika, Chinyonga yense anali atamva kuti Zuze ndi dokotala. Sindinawakonze. Masitampa anali okwera mtengo.

Koma ntchitoyo inali ntchito, ndipo wonyoza ayambe wayesa. Dona nawonso anali a shuga, nchifukwa chake anali ndi timapepala toyezera magazi m'zitini. Anazindikira kuti a Joji akapita kwa dokotala wa ziweto, mantha okha amakweza shuga, dokotala n'kuwonjezera mankhwala, mphaka n'kudzakomoka kunyumba. Ndiye anati tiziyeza tokha. Umafunditsa khutu ndi kansalu ka madzi otentha pang'ono, n'kubaya m'mphepete momwe mumadutsa kamtsempha. Kadontho kamodzi pa kapepala. Mphindi imodzi, pukuta ndi thonje. Mphindi ina, yerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pachitini. Pakati pa faifi ndi fotini, gona tulo. Kupyola apo masiku angapo, uona a Joji akumwa madzi ngati ngolo ya njanji, akukodza paliponse, akuwonda. Koma choopsa ndi pansi. Nambala ikatsika kufika pa folo, usabaye jekeseni, thamangira uchi um'pake m'nkhama. Akakana kudya, jekeseni adikire. "Usathamangitsane ndi nambala ya tsiku limodzi," ankatero dona. "Lemba, uone za sabata yonse." Ndinalemba. Ku koleji sindinadzazepo kope, koma la a Joji linali lachisanu ndi chimodzi pamene ndimachoka.

Lamulungu dona ankapita kwa anzawo. Ine ndinkatsala ndi wodwala wanga, n'kumamulankhula Chisena. Zaka zinayi, munthu amene ndinacheza naye kwambiri m'dziko la eni anali wa miyendo inayi. Mukufuna kuseka, sekani. Iye sanandifunsepo za dipuloma.

Chaka chachinayi mwana wa dona anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Joni, kunyumba yosungira okalamba, kosalola ziweto. Anandipatsa dengu n'kuti ndipite nalo kwa dokotala akam'goneke a Joji tulo tosadzuka. Ndinati ayi, apita nane ku Malawi. Dona anaseka mpaka kutsokomola, kenaka analira, kenaka anandipatsa zitini zonse zotsala ndi makalata a mphakayo. Pa chipata cha Mwanza a Joji anadutsa mwaulemu, mapepala awo ali ndi zidindo zitatu. Ine anandiimitsa ola lathunthu akukambirana ngati tsitsi langa lafika pa kolala, pakuti masiku amenewo lamulo linkaletsa amuna kukhala ndi tsitsi lalitali.

Ku Chinyonga anandilandira ndi nthungululu. Alamu anga a Bizeki, dalaivala wa lole komanso mkulu wa mpingo, anapha nkhuku. Kenaka dengu linalira.

"Za ana izi?" anafunsa achemwali.

"Amenewa ndi a Joji aja."

Anakhala pansi pomwepo, pa simenti, chitenje chili m'manja.

Botolo la mankhwala ndinalikwirira mu mphika wadothi wa mchenga wonyowa, pakuti firiji kunalibe. M'mawa uliwonse ndinkakhala kuseri kwa nyumba, mphaka ali pamiyendo. Tsopano taganizani zimene ankaona anthu kudzera m'mipata ya mpanda. Munthu wachokera kunja. Ali ndi mphaka wakuda. Amam'chotsa magazi dzuwa likamatuluka, amayang'ana wotchi, amalemba m'buku, amafukula botolo mumphika. Mphakayo amadya matemba pamene ana a pakhomo akudya mpiru. Sabata isanathe anthu anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri. Amuna awiri anabwera paokhapaokha kudzandipempha mankhwala a bizinesi. Mmodzi anali wa kwaya.

Nkhani inafika ku mpingo, n'kufikanso kwa tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amene mphaka analibe naye ntchito koma buku. Masiku amenewo munthu wochokera kunja ali ndi kope la manambala ndi maola ankatha kupita kukafotokoza kumalo kumene anthu amachedwa kubwerako. Anatiitana Lamulungu mapemphero akatha.

Loweruka achemwali anandipeza ndikutsuka mbale ya a Joji.

"Zuze, tamvera. Mawa ukangovomera. Ukati ndi zokhwimira, anakupatsa sing'anga wa ku Halale. Ambiri abwera nazo, si iwe woyamba. Akuluakulu akupempherera, buku aotcha, mphaka alamu ako akam'ponya mu mtsinje wa Mudi, nkhani yatha."

"Ndivomere ufiti, achemwali?"

"Mfiti anthu amaiopa. Ikalapa amaiimbira nyimbo. Koma ukakanena kuti zaka zinayi unali wantchito wa mphaka, ine ndidzayenda bwanji mumsika wa Limbe? Milamba yonse ija ndinagulitsa ija?"

Sankaseka. Misozi inali m'maso. Ndipo ankanena zoona, Chinyonga ankamudziwa kuposa ine.

Lamulungu anthu anadzaza pakhonde la tcheyamani, ena atakwera pa mulu wa njerwa. Ndinafika nditavala tayi, dengu kudzanja ili, chitini kudzanja linalo. Tcheyamani anatsegula kope langa.

"Achimwene, apa mwalemba sikisi koloko, naini. Mawa lake sikisi koloko, thwelofu. Anthu naini amenewa mumakumana nawo kuti?"

"Si anthu, bwana tcheyamani. Ndi shuga wa mphaka."

"Mphaka amamwa tiyi?"

Achemwali anandiyang'ana. Alamu anali atatsegula kale buku la nyimbo pa tsamba la olapa. Ndikanangoweramitsa mutu, madzulo ake ndikanadya nkhuku ina. Ndinapempha madzi otentha.

Ndinawafotokozera zonse, mokweza, ngati mphunzitsi wamkulu amene koleji inataya. Ndinati ku Halale sindinali dokotala, ndinali wantchito wa mphaka uyu, ndinkam'phikira, ndinkam'tayira zonyansa zake, ndipo ndalama zonse zimene zinkafika pakhomo pa a Bizeki, mpaka malata a kukhitchini, zinachokera m'khutu ili. Ndinabaya. Amayi ena anakuwa. Ndinapempha tcheyamani kuti asunge nthawi pa wotchi yawo, ndipo anasunga, nkhope ili gwa, ngati akutsegulira msonkhano. Nditapukuta, ndinawapatsa kapepala ndi chitini kuti aweruze okha.

Anayerekeza nthawi yaitali. "Seventini," anatero.

"Yakwera, bwana. Kunyumba imakhala naini. Koma musadandaule, si matenda. Aliyense akaitanidwa pakhonde pano shuga amakwera."

Ndinamva njinga ikudutsa kumsewu. Kenaka tcheyamani anaphulika kuseka, ndipo anthu, ataona kuti kuseka kwaloledwa, anaseka mpaka ena kutsika pa njerwa paja. "Tengani buku lanu, adokotala a amphaka," anatero akupukuta misozi. Mlandu unathera pomwepo. A Joji anapulumuka Mudi.

Pofika kunyumba ndinapeza sutikesi yanga ili pakhonde, mphika wa mchenga uli pambali pake. Alamu ndiwo anatuluka.

"Alamu, mukanakhala mfiti tikanakuthandizani. Izi ndiye sitikudziwa pemphero lake."

Amene ananditola anali Che Saidi, mwini golosale ku Limbe, amene anamva nkhaniyi kwa makasitomala. Anati kwawo mphaka ndi nyama yaukhondo, ndipo munthu wosunga nthawi chonchi angasungenso sitolo. Anandipatsa kachipinda kuseri ndi kona ya firiji ya zakumwa. Timapepala ndinkatidula pakati kuti tikhalitse, mankhwala ndinkagula kwa dokotala wa ziweto wa azungu a ku Namiwawa. A Joji anakhala zaka zina ziwiri, osagwira khoswe ngakhale mmodzi, n'kumwalira ndi ukalamba, shuga ali pa teni.

Sitolo ija lero ndimayendetsa ndine. Achemwali sanapondemo. Munthu akawafunsa za ine, amayankha kuti Zuze anabwerera ku Halale, ali pa ntchito yake ya zachipatala, ndipo ofunsawo amagwedeza mutu mwaulemu, ngakhale dzulo lake ndinawagulitsa sopo. Kwathu munthu amakhululukidwa chilichonse, kupatula kuseketsa anthu ndi dzina la banja.

Ndiye Lamulungu lililonse ndimavala tayi, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Halale wa kuseri kwa msika wa Limbe mpaka ku Chinyonga. Ndimaima pa mpanda, anthu akutuluka m'tchalitchi, n'kufuula kuti amve ndi a nyumba yachitatu: "Mwadzuka bwanji, achemwali? Ndine Zuze, wa mphaka uja!"