Chitenje Changa ndi Kampango wa ku Namalenje

Ine matenda anga anali madzi. Loweruka anzanga ankachapa, kusita, kupita ku msika wa pa boma. Ine ndinkadzuka mtima uli dyokodyoko, kuganiza botolo la mpweya basi. Nthawi imeneyo ndinkataipa makalata pa kampani ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, yomwe inkagwira tinsomba ta mbuna n'kumatitumiza kunja. Amuna anga anali m'gulu la olowa pansi pa madzi kukagwira tinsombato, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kubereka botolo, kuluma chopumira, ndi kulavulira m'galasi lakumaso kuti lisachite nkhungu. Kenako mayi wina wachizungu pobwerera kwawo anandisiyira kamera yake yosalowa madzi. Anandimaliza mayi ameneyo!

Tsiku loyamba pansi ndinaseka mpaka madzi kudzaza galasi. Inu, nsomba timaidziwa itafa, maso ali tong'o pa thandala. Kaioneni kwawo! Tinsomba ta buluu, ta chikasu, ta mizeremizere, kuthamangitsana, kulimbirana mwala, tina kubwera kudzandinyemula tsitsi mopanda mwambo. Ndinkavuuka ndikuyankhula chopumira chidakali kukamwa.

Vuto linali suti. Zaka zimenezo lamulo linkaletsa mkazi kuvala thalauza, ndiye tangoganizani suti ya mphira yokakamira thupi lonse. Ndinkaivalira m'nyumba, pamwamba malaya ndi chitenje, n'kukavula chitenjecho m'bwato tili kutali, kumene ondiona anali amuna anga ndi nkhwazi zokha.

Koma ndinali mtengwa, ndipo nkhani inawafika apongozi anga aamuna, msodzi wakale wa mbedza, munthu wosaseka chisawawa. Anatiitana. Ine ndinagwada chapatali, maso pansi. Iwo sankayankhula nane mwachindunji; ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Uwafunse akazi akowa, pansi pa nyanja anatayako chiyani?"

Pakamwa panga sipachedwa. "Bambo, kuli kampango wa ana. Amawalera m'phanga, wamkazi ndi wamwamuna, ngati nkhuku ndi anapiye."

Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. "Kampango ndamupha kuyambira ndili mnyamata, koma nyumba yake sindinaionepo. Uwauze andijambulire. Ndikaona, azipitabe ku madziko. Ndikapanda kuona, botolo libwerere kwa eni ake, zithere pompo." Akudzuka anawonjezera: "Ndipo wopalasa bwato ndikhala ine, mungadzandinamize."

Filimu ndinali nayo imodzi yokha, ndipo ku Salima kunalibe sitolo yogulitsa zimenezo.

Loweruka m'mawa nyanja inali bata, mwera kulibe. Ndinavala chitenje changa chatsopano cha maluwa ofiira, poti ndikwera bwato limodzi ndi apongozi. Titafika pa miyala ya chilumba cha Namalenje ndinabereka botolo, kuvala zipsepse kumapazi, kukoleka kamera m'khosi. Ndinagwira mfundo ya chitenje, n'kuuma pomwepo. Apongozi anali apo, nkhafi pamwendo, akuonerera zonse. Ndivule chitenje pamaso pawo? Ine? Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize, koma iwo maso anali kumwamba ngati kukudutsa ndege. Amuna inu! Ndinangolimbitsa mfundo ija n'kudzigwetsa chagada, phava!

Mayo ine, chitenje m'madzi si mnzako. Chinatambasuka ngati ambulera, kukwera m'khwapa, kufika kumaso. Ndikachikankhira pansi, icho n'kumabwerera. Amuna anga ankaseka mpaka thovu kungoti bwabwabwa, ine n'kumawaloza chibakera. Ndinachipana pakati pa mawondo, n'kumatsika choncho.

Kampango tinamupeza. Anali pakhomo pa phanga lake, ndevu zili gwedegwede, ndipo pansi pa mimba yake tiana takuda tinali piringupiringu ngati ambululu. Ndinagwada pamchenga n'kuyamba kudina. Tsono kamera imeneyo poyang'anira panali pamwamba, diso lake pansi, ndiye chimene ukuona iwe si chimene ikuona iyo. Ine ndinkaona kampango bwinobwino. Ndinadina filimu yonse mpaka kutha.

Povuuka ulemu wonse ndinauiwala. "Ndamujambula! Bambo, ndamujambula!" Pobwerera ndinaimba nyimbo za kwaya njira yonse, chitenje chikudontha.

Filimuyo inapita ku Lilongwe ndi dalaivala wa kuntchito kuti akaitsuke, ndipo inatha milungu itatu. M'milungu imeneyo palibe amene sanamve za kampango wanga. Ndinauza amayi a pa mjigo, a ku tchalitchi, ngakhale wogulitsa matikiti pa depoti. Envelopu itafika, zala zinkandiyabwa, koma ndinati ayi, zinthu za akuluakulu ayambe kuona ndi eni ake. Ndinaipereka yomata, ndi manja awiri, nditagwada, amayi a pamudzi ataunjikana kumbuyo kwanga.

Apongozi anang'amba pang'onopang'ono. Anatulutsa chithunzi choyamba, kuchiyang'ana, kuchitembenuza, n'kuchiika pamphasa. Ndinasuzumira. Maluwa ofiira! Chachiwiri, maluwa. Chachitatu, duwa limodzi lalikulu lodzaza pepala lonse. Pa china panaoneka kamchira ka nsomba m'mphepete, pa china phazi la amuna anga. Anaziyala zonse pamphasa, osadumpha ngakhale chimodzi.

"Ameneyu ndiye kampango?" anafunsa mwana wawo.

Amayi aja anaphulika chikhakhali, wina mpaka kukhala pansi. Ine misozi inangoti mbwee. Zinandiwawa zedi, ndipo ndinapsa mtima ndi chitenje, ndi kamera, ndi amuna anga omwe.

Apo ndiye amuna angawo anapeza pakamwa. "Ndi chitenje chawo, bambo. Sakanavula inu muli pomwepo."

Apongozi anatolera zithunzi zija n'kulowa nazo m'nyumba. Lolemba ndinatsuka botolo n'kukalibweza ku kampani, monga tinapanganira. Loweruka ndinachapa ndi kusita ngati mkazi wina aliyense, ndikulirira m'beseni.

Patatha milungu iwiri, m'mawa ndikusesa, ndinamva "Odi!" Anali apongozi, nkhafi paphewa, m'manja kabokosi kachikasu. Filimu! Anali atatuma wogula nsomba wa ku Lilongwe. Anapatsa mwana wawo n'kunena kuti, "Katengeni mabotolo anu, dzuwa likukwera." Ndinathamanga osavala nsapato, tsache lidakali m'manja.

Titafika pa Namalenje anaponya nangula wa mwala. Kenako ananyamula miyendo yawo mmodzimmodzi, kutembenuka pa thabwa lokhalira, n'kutifulatira. Anakokera chipewa m'makutu.

"Uwauze akazi akowa kuti ine ndikuona phiri la Senga. Asachedwe, khosi langa ndi lokalamba."

Ndinamasula mfundo ya chitenje, kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Pansi tinakhalako ndithu, pafupifupi mpaka mpweya kutha. Titavuuka ndinawapeza apongozi chikhalire, atafulatirabe, dzuwa likuwaotcha msana, malaya atanyowa ndi thukuta. Atamva madzi akuchita phokoso sanacheuke. Anangofunsa, maso ali ku phiri:

"Amayi, anawo mwawapeza ali bwino?"