Adada aiona okha nkhwazi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinawatenga adada kunyanja ku Chikale, koyamba chiwachitireni opaleshoni ya ng'ala ija. Titadya nsomba ya batala ndi kondowole, tinakwera boti.

Woyendetsa boti anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi inachoka mumtengo n'kutsika pafupi penipeni, mpaka mphepo ya mapiko ake inatiomba kumaso. Inaitola nsombayo osanyowa ngakhale nthenga imodzi.

Ine ndinayamba kuwafotokozera, monga ndinazolowera zaka zonsezi asakuona. Anandigwira mkono.

"Khala chete, mwana wanga. Ndaona ndekha, ndi zikhadabo zomwe."

Anavula chipewa, misozi ili mbwembwembwe, maso ali kumwamba mpaka mbalameyo inakatera.

Tsopano akuti akufuna kukwera Ilala, akaonenso Likoma. Achimwene, inu mukuti bwanji, tiwalole?