Maso a mng'ono wanga

Kansalu kaja ndimakakumbukirabe. Amayi anakang'amba kuchitenje chakale, ndipo kankakhala paphewa pawo tsiku lonse, kopukutira misozi ya mng'ono wanga. Mwanayo anali ndi miyezi isanu. Sankalira ayi, koma misozi inkangoyenderera yokha ngati mpopi wakutha.

Inali nyengo ya fumbi ku Chinsapo, ine ndili sitandade folo. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Amayi ankati ndi utsi, choncho mbaula inatulutsidwa panja. Amalume ankati ndi fumbi la mumsewu, n'kukhoma thumba la simenti pazenera. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati, "Muzimufinyira mkaka wa m'mawere m'masomo, tonse tinakula choncho." Amayi ankafinyira m'mawa ndi madzulo.

Ndikamubereka popita kukatunga madzi, ankabisa nkhope kumsana kwanga kuthawa dzuwa, mpaka diresi langa linkanyowa. Azimayi apamzere ankamutembenuza kuti amuone. "Maso akuluakulu chonchi, adzavutitsa anyamata ameneyu." Ine ndinkanyada ngati ndinamuumba ndine.

Aphunzitsi anga okha ndi amene sanaseke. Atakumana nafe panjira anamuyang'anitsitsa, n'kuuza amayi kuti apite naye kwa adokotala a maso mawa lomwelo. Amayi anathokoza mwaulemu, koma titafika kunyumba anati, "Ndikanene kuti chiyani kumeneko? Kuti mwana akutuluka misozi?" Thupi silinkatentha, kuyamwa ankayamwa bwino. Sitinapite. Zimandipweteka mpaka lero, komabe ndimalephera kuwaimba mlandu.

Mvula yoyamba inagwa, fumbi linatha, misozi sinathe. Pakuda pa diso panayamba kuchita mbuu. Apa m'pamene amayi anapita naye. Adokotala anati madzi ankadzadzana m'kati mwa maso n'kumawatupitsa, mpaka anawononga mtsempha woonera. Akanabwera naye msanga, mwina akanawapulumutsa masowo. Lero ndi mtsikana wamkulu, ndipo ndimamugwira dzanja powoloka msewu.

Madzulo a tsiku limene anapita naye kwa adokotala lija, amayi anangokhala pakhonde, kansalu kali m'manja. Ine ndinabereka mwana kupita kumadzi monga mwa masiku onse. Mayi wina anayamikiranso maso aja, ine n'kumwetulira, n'kumutembenuza kuti enanso aone. Sindinkadziwa kuti kukula kwa maso kumene ndinkaonetsa anthuko ndiko kunali matendawo.