A Kawiri ndi Batani la Tumiza

Achemwali anga sadziwa kudikira. Ku ofesi ya sukulu komwe amagwira ukalaliki anawapatsa dzina loti a Kawiri, chifukwa batani lililonse amalidina kawiri. Ine ndimawaseka kuti ngakhale kuchipatala anachita zomwezo: anapita kukatenga mwana mmodzi, n'kubwerako ndi mapasa, atsikana okhaokha.

Fomu ya pa intaneti yolembetsera ana mayeso ndinaikonza ndine. Imatenga ana makumi anayi nthawi imodzi, aliyense mzere wake, ndipo ukadina Tumiza mayina onse amakalowa m'kaundula wa mayeso. Koma netiweki ikangozengereza, achemwali ankadinanso, mwendo ukugwedezeka pansi pa tebulo, kalasi yonse n'kulowa kawiri. Kufufuta kunandikwana. Mwaukali ndinaika lamulo: ana awiri akafanana dzina la bambo, tsiku lobadwa ndi kalasi, wachiwiriyo atayidwe. Ndinadzitama nalo sabata yathunthu.

Tsiku lotseka kalembera, foni inalira 3 koloko, kutatsala ola limodzi.

"Achimwene, makina anuwa adya mwana."

"Mwadinanso kawiri eti?"

"Musandiyambe! Ndatumiza fote, akuonetsa sate naini."

"Wasowa ndani?"

"Ndikanadziwa bwenzi nditakuimbirani?"

Ndinawapeza ataimirira, nsapato atavula, chala chikuthamanga pa pepala la mayina. Ahedi anali pakhomo, maso pa wotchi. Mwana wosalowa m'kaundula salemba mayeso, amadikira chaka china. Achemwali anali atawerenga katatu, koma mothamanga ngati akupitikitsidwa. Ndinawalanda pepalalo, n'kutenga rula, mzere ndi mzere kufananitsa ndi za pa kompyuta.

Rula inaima pa mzere 18. Wamkulu wa mapasa athu aja anali m'kaundula, wamng'ono munalibe. Bambo mmodzi, tsiku limodzi, kalasi imodzi. Lamulo langa linagwira ntchito yake bwinobwino.

"Ndiye kuti malume ake enieni ndi amene amutaya?" Achemwali anafunsa chapansipansi. Kunali bwino akanandikalipira.

Ndinachotsa lamulolo. Kunatsala mphindi khumi.

"Achemwali, palibenso chotchinga. Mukadina kawiri alowa kawiri, ndipo akuluakulu a mayeso amakana dzina lobwereza. Nthawi yofufuta tilibe."

Achemwali anakhala pampando. Analemba dzina la mwana wawo pang'onopang'ono, n'kudina kamodzi. Pa kompyuta, kagudumu kosonyeza kuti tidikire kanayamba kuzungulira. Ndinaona chala chawo chikubwerera pa batani chokha. Iwonso anachiona. Anakweza manja onse awiri, n'kuwakhalira.

Kagudumu kanazungulira, kanazungulirabe. Mwendo unkagunda tebulo mpaka rula inagwa. Ahedi anatsokomola. Kenako 39 uja anasanduka 40.

Achemwali sanadzuke. Misozi inkagwera pa kiyibodi, ndipo analibe choipukutira, poti manja anali adakawakhalirabe.