Ba Chanda ndi dx wawo wa patsogolo

Ba Chanda, mkulu wanga, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda, ndipo mawa ndikubwereza mayeso a masamu amene ndinalephera aja. Ndikalepheranso, ku koleji andichotsa. Mtima suli m'malo. Ndakumbukira Lamulungu lija pakhonde la kwathu ku Mtendere, mukundiphunzitsa masamu a ma integral kuseri kwa kalendala yakale. Munalemba chizindikiro chija chonga S wamtali, pomwepo n'kuika dx, tizilembo tosonyeza chimene chikupimidwa, zina zonse pambuyo. Ndinati aphunzitsi athu amaika dx kumapeto. Munaseka n'kuti, "Ise ba fizikisi timayamba na odi. Uzibe vamene upima ukalibe kungena." Mumatanthauza kuti ndizidziwa chimene ndikupima ndisanalowe m'samuyo. Nditatengera kalembedwe kanu, aphunzitsi anazunguliza ndi inki yofiira, ine n'kubwera kunyumba kudzakukalipirani kuti mwandisokoneza mutu. Sindinapepese mpaka munapita.

Lero ndikuyeserera mafunso akale, dzanja langa likuika lokha dx patsogolo. Ndikuopa kuti likachita zomwezi mawa, andidula malikisi. Koma chofufutira ndachitola katatu, Ba Chanda, ndipo katatu konse ndalephera kukufufutani.