Masamba pa Msewu wa Kwathu

Ndinaganiza zochoka m'dziko muno tsiku lina masana, nditakhala pa benchi ku City Centre, yunifolomu ya unamwino ili m'thupi. Ndinali nditangotuluka m'banki, mmene anandiuza mwaulemu wonse kuti malipiro anga ndi ochepa, sangandipatse ngongole yomangira nyumba. Amuna anga anali atamwalira, ana ndinalibe, ndipo ndinkachita lendi kanyumba kakuseri kwa nyumba ya anthu ena ku Area 14. Sindinakwiye. Ndinaimirira, n'kukonza kolala, n'kukwera minibasi ya ku Old Town kukajambulitsa zithunzi za pasipoti.

Amayi anga, nditapita kukawatsanzika kumudzi kwathu mbali za ku Mitundu, sanatsutse. Anangondiyang'ana m'miyendo n'kunena kuti, "Esinati, iwe woopa mphepo ya mu Juni, kuzizira kwa kumeneko udzakutha?" Ndinawayankha kuti ndikakhala zaka zochepa chabe. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Ntchito ndinaipeza ku Mangalande, osati m'tauni monga mmene anthu kuno ankaganizira, koma kumidzi, m'nyumba yosamalira okalamba yozunguliridwa ndi mabusa a nkhosa. Ndinkasambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi ndi kuwapatsa mankhwala. Ntchitoyo ndinkaigwira bwino, ndipo sindichita manyazi kutero. Chimene sindinachizolowere ndi zii. Tsiku lopuma linkatha osatulutsa mawu ndi amodzi omwe, mpaka ndinkayamba kuwerenga mokweza zolembedwa pa paketi ya tiyi kuti nditsimikize kuti pakhosi padakali potseguka. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama kwa achimwene anga a Yohane, amene ankayang'anira ntchito yomanga nyumba yanga ku Area 12. Iwo ankanditumizira zithunzi: maziko, zipupa, denga, geti. Mauthenga ambiri ochokera kwathu ankayamba ndi moni wautali, n'kutha ndi vuto lofuna ndalama. Sindikudandaula, ndikungonena mmene zinalili.

Chaka chilichonse m'nyengo yawo yotentha, busa lina lapafupi ndi ife linkasanduka mudzi wa matenti. Anthu ankachokera m'mizinda kudzamvera oimba kwa masiku angapo, akuvina m'matope, atadzipaka utoto kumaso. Nyimbo zenizenizo sitinkazimva. Kwa ife kunkafika kugunda kokha, kodzera pansi, konjenjemeretsa magalasi a mawindo ndi madzi a m'matambula. Dzuwa nalo nyengo imeneyo limakana kulowa, ndiye okalamba athu ankasokonezeka, ena n'kumavala zipewa kuti akupita kwawo. Chaka china mayi wina amene ndinamusamala nthawi yaitali anatsirizika chikondwererocho chili mkati. Ndinamusambitsa ndekha, windo likunjenjemera. Panalibe wachibale amene anabwera. Kunafika amuna awiri ovala masuti, n'kumutulutsira khomo lakumbuyo kuti ena asaone, ndipo pofika nthawi ya tiyi bedi linali litayalidwa kale nsalu zina.

Amayi anamwalira ine ndili komweko. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, ndipo ndikanachoka sindikanaloledwa kubwerera. Ndinatumiza ndalama za bokosi. Achimwene anandionetsa mwambo pa foni, koma anthu atangonyamuka kulowera kumanda, netiweki inaduka. Ndinavala nsapato n'kupita kuntchito.

Ndinabwera chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi tikiti yobwerera m'chikwama. Ndinadzipatsa mwezi umodzi kuti ndione ngati kuno kudakali malo anga. Ngati kulibe, ndikanabwerera kukamalizira moyo wanga pakati pa nkhosa zija. Nyumba ya ku Area 12 inali yokongola kuposa pa zithunzi, ya bwalo lalikulu, kapinga wothiriridwa ndi mitengo ya mapeyala. Achimwene ndi banja lawo anali atakhalamo zaka zambiri, monga tinagwirizana. Mlonda wa pageti anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Chipinda chimene ndinadzisankhira pa pulani ndinachipeza chodzaza ndi masipika, mawaya ndi ng'oma za mwana wawo Tadala, amene ndi woimba. Ine anandiyalira kuchipinda cha alendo, n'kundiikira thaulo ndi sopo watsopano pabedi.

"Anti, musadandaule, ndichotsa zonsezi shoo ikangotha," anatero Tadala. "Ndipotu ikuchitikira kwanu komwe, pa esiteti yakale ya fodya ija. Mubwere mudzandione pa siteji. Ndakukonzerani sapulaizi."

Ndinamuuza kuti sindinawoloke nyanja kudzaonera anthu akudumpha m'fumbi. Ulendo wanga wa kumudzi unali wa mwambo. Kwathu munthu amene maliro anamuphonya salowa m'mudzi ngati mlendo wamba. Amafika akulira, amayi amatuluka kudzamulandira kulirako, kenako akuluakulu amamutenga kukamuonetsa manda. Ndinafuna kuchita zonse molongosoka. Ndinapita ku Old Town, m'sitolo ya Mmwenye wina amene bambo ake ankandigulitsa nsalu ndili mtsikana, n'kugula mpukutu wa nsalu yoyera kuti amayi a mpingo, anzawo a malemu, asokere mabulauzi ndi maduku. Ndinagulanso shuga, mchere, ufa ndi masamba a tiyi, kuti anthu odzandilandira asadzakhale ndi njala. Achimwene anapereka katunduyo kwa dalaivala wa lole yonyamula mipando ya kuchikondwerero cha oimba cha ku esiteti chija, kuti akamutule kwa amayi aang'ono, Anambewe, mng'ono wawo wa malemu amayi, amene amasunga nyumba.

Loweruka m'mawa tinanyamuka awiri, achimwene akuyendetsa. Msewu unali wodzaza ndi magalimoto a m'tauni, achinyamata atatulutsa mitu ndi mabotolo pa mawindo. Titayandikira esiteti ija ndinaona matenti, mbendera ndi zimbudzi zapulasitiki zitandandalikidwa m'munda mmene kale tinkathyola fodya pa ganyu. Kenako ndinamva kugunda kuja, kodzera pansi, kukukwera m'mipando ya galimoto. Kwa kanthawi sindinadziwe kuti ndili dziko liti.

Titapatuka kulowa kamsewu ka kwathu, magalimoto onse anatsala m'mbuyo. Midzi inali mbee. Pa mjigo panalibe munthu, pa golosale panali potseka, mbuzi zokha zitagona pakati pa njira. Achimwene anati achinyamata onse ndi amayi amphamvu zawo akhala ali ku esiteti kuyambira pakati pa sabata, kugulitsa mandasi ndi chimanga chootcha, kutunga madzi, kulondera magalimoto. Atangotero anaponda buleki. Pamsewu panali patayalidwa nthambi zamasamba aawisi, kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa tanthauzo lake. Achimwene anazimitsa wailesi, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kuyendetsa pang'onopang'ono.

"Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Sindinamve kanthu, achemwali. Akanandiimbira."

"Akanakuimbirani ndani, poti mwati onse a mafoni ali ku magule?"

Wailesi itazima, zochokera ku esiteti zinayamba kumveka bwino, mphepo ikuzibweretsa n'kuzibweza. Pamwamba pa kugunda kuja panali mawu a munthu mmodzi, mayi wachikulire, akuyambitsa nyimbo ya pamaliro, ija amaimba amayi pamene thupi likulowa m'mudzi. Mawuwo anali aakulu ngati akuchokera kumitambo, akudzaza dambo lonse. Ndinawadziwa pa kapumidwe kake. Amayi anga ndiwo ankayambitsa nyimbo pa maliro onse a m'dera lathu, ndipo anali ndi chizolowezi chokoka mpweya pakati pa liwu, pamene ena onse sapumirapo. Anakoka mpweya pomwepo. Mzere umodzimodziwo unabwerezedwa, n'kubwerezedwanso, osafika kumapeto.

"Ndi Tadala ameneyo," achimwene anatero motsitsa mawu. "Anawajambula pa foni agogo ake asanadwale. Wakhala akuyeserera masipika kuyambira dzulo. Amati mukamva mudzasangalala."

Nthambi zachiwiri zinali patsogolo pa nyumba ya amayi. Pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango panali patakhala amayi okalamba okhaokha, amene miyendo yawo sikanawafikitsa ku esiteti, atafunda zitenje, miyendo atatambasula. Chapatali panali madoda ochepa pa mipando. Galimoto itangoima, kulira kunabuka. Anaimirira atagwirana, akudza kwa ife, ndipo ndinamva bwinobwino dzina limene ankalira.

"Esinati iwe! Esinati mwana wathu, wabwera chotere! Wakafera kutali ngati wopanda abale!"

Sanayang'ane mpando wakutsogolo. Onse anapita kumbuyo kwa galimoto, kumene kumakhala bokosi.

Ndinatsegula chitseko n'kutsika. Ndinali nditavala diresi lakuda, chitenje ndi duku, monga woyenera kulira. Kulira kunaduka ngati wina wadula ndi mpeni. Mayi wina anakhala pansi pomwe anaimapo. Wina anayamba kubwerera chafutambuyo akutchula dzina la Yesu. Panatsala mawu a amayi anga okha, akuzungulira mumlengalenga dzuwa lili pamutu.

Anambewe ndiwo anayandikira, pang'onopang'ono, atatsamira ndodo. Anandigwira pamkono, pamalo penipeni pamene ine ndakhala ndikugwira odwala moyo wanga wonse, n'kudikira.

"Ndi wofunda," anauza anzawo. Kenako anatembenukira kwa achimwene. "Yohane, ndiwe munthu wamkulu iwe? Lole ibwera, ititulira nsalu yoyera yathunthu, shuga, ufa, akuti katundu wa Esinati, galimoto ifika Loweruka. Nsalu yoyera imatsogola pa chiyani kuno? Tisanapume, akulu anga ayamba kuimba kuchokera kumunda kwa fodya nyimbo yolandirira thupi, dzulo lonse, lero kuyambira m'mawa. Ife tikanati chiyani? Ana onse a m'dera lino amene anapita kunja zaka zimenezo, wabwera ndi miyendo yake ndani?"

Achimwene anayamba kufotokoza za masipika ndi za foni. Anambewe anawadula.

"Zimenezo ukauze anzako a m'tauni. Ife tagona pano, talira, mawu atha." Anandiyang'ana. "Ndipo maliro akayambika sasiyidwa panjira. Iwe amako sunawalire. Khala pansi."

Ndinakhala pamphasa, pakati pawo. Ine amene ndinakonzekera kulira kwa mwambo, koyezedwa bwino, ndinapeza kuti sindikutha kuyamba. Mphepo inabweretsanso mzere uja, amayi n'kukoka mpweya, ndipo pamene makina anawadula kuti abwereze, amayi okalamba aja anaulandira n'kuupitiriza mpaka kumapeto, monga ankachitira iwo ali moyo. Pamenepo ndinalira, ndipo sindikumbukira kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Ena ankatchula dzina la amayi, ena, mwina chifukwa cha kuzolowera kwa masiku awiriwo, ankatchulabe langa. Sindinawakonze.

Dzuwa litapendeka ananditenga kumanda. Mkati mwa mitengo munali mozizira, ndipo kugunda kuja kunkamveka m'mapazi mokha. Anandionetsa mtumbira wa amayi, wosamalidwa bwino. Pambali pake panali malo olambulidwa kumene, udzu utapalidwa, dothi lofiira lili poyera, timitengo titazikidwa m'makona. Makasu awiri anali atatsamiritsidwa pa mtengo. Madoda anali atayeza dzulo lake, akungodikira kuona kukula kwa bokosi.

"Amako ananena asanapite kuti pamenepa pasagone wina," anatero Anambewe. "Anthu apempha, ife takana. Ndi pako."

Ndinayang'ana malowo nthawi yaitali. Anandiyeza mowolowa manja. Anakumbukira kuti ndine wamtali. Kunja kuja ndinaona anthu akutulutsidwa pa khomo lakumbuyo. Kuno anthu osaona bwino, oyenda ndi ndodo, anagona panja chifukwa cha ine popanda wowaitana. Ndinadziwa nditaima pomwepo kuti tikiti ija sindidzaigwiritsa ntchito.

Tikutuluka, ndinafunsa Anambewe ngati malo a kuseri kwa nyumba ya amayi adakali opanda mwini, chifukwa ndikufuna kumangapo kanyumba koti ndizikhalamo. Anaima, n'kuyang'ana anzawo, anzawonso n'kuyang'anana. Zinaoneka kuti funsolo linawavuta kuposa kundiona ndikutsika m'galimoto.

"Kuti uzikhalamo," anabwereza. "Mwana wanga, zimenezo ndiye tiyenera kukhalirana pansi. Ife tinakonzekera za uku kokha."