Mapiritsi Amene Ndinagawa Pawiri

"Kodi inu amake mwana, bwanji masiku ano mukuchapa choimirira? Pansipo pali minga?"

Anandifunsa choncho ndi mkazi wa mlonda, neba wanga, titakumana pa mpopi. Tinkakhala ku Area 10, m'tinyumba ta antchito kuseri kwa nyumba ya bwana. Amuna anga ankasamalira maluwa ndi kapinga. Ine ndinkalera mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda.

Ndinaseka, koma iwo sanaseke, ndiye ndinangowauza. Kumusi kunkayabwa, kunkatuluka chikazi chachikasu chonunkha, ndipo pokodza kunkaotcha. Ndikakhala malo amodzi ndi bambo a mwana ndinkangoluma mano.

"Amenewotu ndi mauka," anatero. "Kwathu amadula ndi lezala. Koma inu musayerekeze, mng'ono wanga anatsala pang'ono kutha magazi. Pitani kuchipatala."

Ndinabereka mwana kumbuyo n'kukwera minibasi ya ku Old Town. Anamwino anandiyeza, anandibaya jakisoni, anandipatsa mapiritsi a mlungu wathunthu. Kenako anandipatsa kapepala.

"Aka mukapatse abambo kunyumba. Abwere, nawonso alandire chithandizo. Mukamwa nokha, mudzabwereranso pano."

Amuna anga anakawerenga ataimirira pakhomo, nsapato zili matope okhaokha.

"Ine chikundipweteka n'chiyani? Ndikawauze bwana kuti ndikupita kukatani? Kapena ukufuna kunena kuti ndabweretsa ndine?"

"Ayi, bambo, sindinatero."

Anakapinda n'kukaika m'thumba la ovololo. Loweruka ndinakapeza pochapa, katasanduka phala.

Sindine munthu wolimbana ndi anthu. Ndinakhala pansi n'kuganiza monga ndimaganizira ndiwo zikachepa, kuti aliyense alaweko. Mapiritsi anali oti ndizimwa limodzi m'mawa, lina madzulo. Ndinati la m'mawa likhale langa, lamadzulo likhale lawo. Ndinawauza kuti ndi a msana, poti tsiku lililonse ankadandaula msana akaweruka kotchetcha. Ankamwa bwinobwino, mpaka kuthokoza. Mumtima ndinkadziona wochenjera. Zoti jakisoni uja sagawika, sindinaziganizire n'komwe.

Kuyabwa kunaleka. Patapita miyezi iwiri kunabweranso. Kuchipatala ndinachita manyazi kubwererako, poopa kuti andifunsa za kapepala kaja. Ndinagula makapisozi kwa munthu wina mumsika wa ku Old Town, amene anandiwerengera m'manja osafunsa chilichonse. Ndinkasambanso madzi ofunda a mchere. Ululu unachoka kunja n'kulowa mkati, m'munsi mwa mchombo, ndipo ndinauzolowera monga munthu amazolowera dzino lobooka.

Chaka chotsatira ndinaima. Ndinakondwa kwambiri. Timalaya ta mwana woyamba tija ndinatitulutsa m'chikwama, n'kutichapanso ngakhale nthawi inali isanakwane.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto, ndikuyanika zovala dzuwa lili pamutu, china chake chinandilasa kumanzere kwa mimba. Ndinagwira chingwe, chingwe chinaduka. Ndimakumbukira mawu a neba wanga uja akukuwira akazi a bwana kuti, "Madamu! Madamu, tulutsani galimoto!" Zina zonse ndinachita kuuzidwa.

Ndinadzuka ndili ndi bala losokedwa. Adokotala, mayi wamkulu ndithu, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundijambulira papepala. Anati mimba sinafike m'chiberekero, inakhala m'kanjira kamene dzira limadutsamo, ndipo kanjirako kanaphulika, choncho akachotsa. Anati matenda akakhalitsa m'thupi amasiya zipsera m'tinjira timeneti. Kakumanja kaliko, koma nakonso kali ndi zipsera.

"Ndiye ndidzaberekanso?"

"Mwina, amayi. Sindingakulonjezeni. Kodi munalandirapo mankhwala?"

Ndinawafotokozera zonse, za la m'mawa ndi lamadzulo. Sanandikalipire. Anangoti, "Munkafuna kuthandiza, ndikumva. Koma theka silinachize inu, silinachizenso iwo."

Mlungu womwewo, nditabwerera kunyumba, amuna anga anapita okha kukalandira chithandizo, osakakamizidwa ndi munthu. Bwana anawalola osafunsa n'komwe kuti akupita kukatani. Pofika masana anali atabwerako, akuthirira maluwa. Ndinawaona pa zenera nditagona.

Kumene matendawo anachokera sitinakambiranepo mpaka lero. Mwina ndimaopa yankho lake. Tikadali limodzi, sandivuta, madzi olemera amanditungira. Tikapita kumudzi, apongozi amandiyang'ana pamimba asanandiyang'ane kumaso. Mwana wanga anayamba sukulu, ndipo amandifunsa kuti bwanji anzake onse ali ndi ana owabereka kumbuyo. Ndimamuuza kuti adikire. Inenso mwezi uliwonse ndimadikira, kenako ndimaona magazi, n'kukatenga nsalu zanga.

Timalaya tija ndinapatsa neba wanga atabereka wachinayi.

Zimene zinapita ndi izi: mimba imodzi ya miyezi iwiri, kanjira kamodzi kakumanzere, ndi zaka zinayi zopanda mwana wina.